Gloria ndi Matepi a Mlongo Wake

Mu George, komboni ina ya mu Lusaka, anthu ambiri ankamudziwa Gloria ngati mayi wa chikwama chakuda. Lachisanu lililonse ankatuluka atachikoleka paphewa kupita kokakwera minibasi ya ku tauni, ndipo kondakitala akafuna kuchiponya pansi pa mpando, mkangano unkabuka pomwepo. Ena ankati muli mankhwala, ena ankati muli salaula, kaunjika wa anthu olemera. M'chikwamamo munali makina a tepi, kabokosi kachitsulo kofanana kukula ndi buledi, pamodzi ndi zingwe zake.

Bambo ake anachoka ku Ntcheu ali mnyamata. Anaphwanyapo miyala, anagwirapo ulonda, namwalira Gloria ali ku sekondale. Anasiya mkazi ndi ana awiri, Gloria ndi mlongo wake Happy, amene nthawi imeneyo anali asanayambe n'komwe sukulu. Gloria atamaliza maphunziro analembedwa ntchito yotaipa pa kampani ina ya boma yogula ndi kugawa zokolola. Anamuika m'chipinda cha makompyuta, chozizira ngati mwezi wa Juni, ndipo chifukwa sankakonda miseche ya pa nthawi ya nkhomaliro, ankangotsala momwemo n'kumawerenga mabuku amene anabwera ndi makinawo. Mwa njira imeneyo anaphunzira kulemba mapulogalamu.

M'chipindamo munali ntchito ina imene aliyense ankaizemba. Zonse za m'kompyuta zinkayenera kukoperedwa pa tepi, kuti kompyutayo ikafa zinthu zisatayike. Matepi ake sanali a nyimbo, anali okulirapo, okhala ndi chitsulo kunsi. Ntchitoyi inkatenga nthawi, ndipo magetsi akazima pakati, munthu ankayambiranso. Gloria anatopa nazo, nalemba pulogalamu yakeyake imene inkapanikiza zinthu kuti zikwane zambiri pa tepi imodzi, n'kumakumbukiranso pamene yalekezera. Anaitcha Sunga. Inkalemba pa tepi mwa njira yakeyake, moti chimene Sunga walemba, wochiwerenga anali Sunga yekha. Pa nthawiyo Gloria sanaone vuto lililonse pamenepo.

Boma litasintha, makampani ake anayamba kugulitsidwa, ena kutsekedwa. Ya Gloria inali m'gulu la otsekedwa. Katundu atamutulutsa pabwalo kuti amugulitse, anzake ankalimbirana mipando ndi makabati. Iye anatenga makina a tepi amene palibe anawayang'ana.

Anali ataona kuti amalonda a ku Kamwala ayamba kugula makompyuta, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ankaganiza za tsiku limene kompyuta idzafe. Koma panali chopinga. Kompyuta iliyonse ili ndi dongosolo limene limaiyendetsa. Ya ku kampani inkayendera lotchedwa Yuniksi, pamene za ku Kamwala zinkayendera Dosi, ndipo pulogalamu yolembedwera dongosolo lina siyenda pa linzake. Gloria anafunika kusamutsa Sunga. Zambiri zinasamuka mosavuta. Chimene chinamuvuta ndi chakuti Dosi sinkadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli makina a tepi, choncho lamulo lililonse, loti zungulira, loti ima, loti bwerera, analilemba yekha moyesayesa. Atamaliza, Sunga ankayenda bwino pa Dosi, koma ankadziwa makina amodzi okha pa dziko lonse, a m'chikwama chakuda aja.

Ntchitoyo inawadyetsa. Happy anakula ndi ufa wa m'chikwamamo. Anali munthu wa maganyu, lero kupenta nyumba ku Matero, mawa kukweza matumba, koma mtima wake unali pa nyimbo. Anayambira ku kwaya ya ku tchalitchi, kenako anayamba kupeka zake, zonena za pa kiyosiki ya madzi, za ana a lendi, za bambo ake amene sankawakumbukira nkhope. Ankayambitsa iye, atsikana awiri n'kumavomera. Mmodzi mwa iwo anali Tiwo, amene Happy ankati adzamukwatira nyimbo zikatuluka.

Ku Kamwala komweko kunali a Sultan, Msilamu amene makolo ake anali matelala ochokera ku Mangochi. Ankakonza mawailesi, ndipo kuseri kwa shopu yawo anamata mathireyi a mazira m'makoma n'kupatcha situdiyo. Munali kompyuta imodzi ndi maikolofoni awiri. A Sultan anamva Happy akuimba akupenta shopu yoyandikana nayo, namuitana. Anajambula miyezi ingapo, mwapang'onopang'ono, chifukwa Happy anali atayamba kutsokomola ndipo masiku ena sankadzuka.

Tsiku lina Happy anapeza Gloria akuchapa panja.

"Ba sisi, pa Chisanu mupitireko kwa ba Sultan na chikwama chanu. Nyimbo zonse zili mu kompyuta chabe."

"Vinthu va nyimbo ni vikulu maningi, Happy. Vizanithera matepi."

"Nizakugulirani yena nikatchuka."

"Uyambe wagula sopo," anatero Gloria, koma Lachisanu anapita.

Nyimbozo zinadzaza matepi awiri, n'kutsalira zina pa yachitatu. Gloria analemba manambala pa matepiwo n'kuwaika m'kachikwama kake ka m'manja. Akukulunga zingwe, anamva kugwa kwa mpando. Happy anali pansi, thukuta lili kamukamu. Kuti amukweze minibasi n'kumufikitsa ku chipatala, Gloria anafunika manja onse awiri, choncho chikwama chakuda anachisiya mu situdiyo, nati adzachitenga Lolemba.

Lolemba a Sultan anapeza denga litakanulidwa. Akuba anatenga kompyuta, maikolofoni, mawailesi a eni, ndi chikwama chakuda.

Gloria sanamuuze Happy za kubako mpaka atatuluka m'chipatala. Happy atamva anangofunsa, "Matepi muli nayo?"

"Nili nayo."

"Basi kulibe vuto."

Anamwalira mvula isanagwe chaka chimenecho. Gloria ndiye anamusambitsa nkhope komaliza, monga ankachitira ali mwana. Tiwo analira mpaka mawu anatha. Amayi ake a Gloria sanalire kwambiri pamaliro. Anayamba pambuyo pake, anthu atabalalika.

Matepi anali m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Gloria ankadziwa kuti nyimbo zili mmenemo, zathunthu, koma panalibe chozitulutsira. Makina ofanana ndi obedwa aja anawasaka mu Lusaka monse osawapeza. Makasitomala a ku Kamwala anamudikira pang'ono kenako anamuiwala. Ambiri anali atagula kale makompyuta atsopano a Windozi. Gloria anapeza ntchito yotaipira anthu pa shopu ina ya mu tauni.

Amayi ake sankamvetsa chimene chikuchedwetsa. Kwa iwo tepi inali tepi.

"Gloria, si iwe unati mwana wanga ali mmenemo? Nanga bwanji osaika mu wailesi?"

"Amayi, si ya wailesi. Ifuna makina ake."

"Makina ake ali kuti?"

"Ndikufunafuna."

"Ukufunafuna," ankatero amayiwo, n'kutembenukira kukhoma.

Chaka chitatha, a Sultan anamuitanitsa. M'makompyuta akale amene wamalonda wina anabweretsa kuchokera kunja munapezeka makina a tepi. Sanali a mtundu wa obedwa aja, koma matepi a Gloria ankalowamo bwinobwino. Buku lake panalibe. Gloria anakhala pa benchi ya a Sultan masana a Loweruka angapo, akusintha malamulo a Sunga mongoganizira. Anayesa ndi tepi yopanda kanthu. Koyamba makinawo anangolira. Ulendo wina anazungulira n'kuima pakati. Kenako tsiku lina anazungulira mpaka kumapeto.

Gloria ankafuna kuyesanso kambirimbiri. Koma tsiku loika mwala pa manda a Happy linali litayandikira, ndipo amayi ake anali atauza kale a ku tchalitchi kuti pa mwambowo anthu adzamva mawu a mwana wawo.

"Usandichititse manyazi," anatero. "Ngakhale nyimbo imodzi yokha."

Gloria anatenga chitini kupita nacho ku Kamwala. Anayang'ana matepi atatuwo, nasankha yachitatu, poganiza kuti ngati china chilakwika, imeneyo ndiyo inali ndi zochepa. Anailowetsa. Makinawo anayamba bwino, kenako liwiro linakwera mwadzidzidzi, ndipo mkati munamveka kuti thapu. M'tepi ya mtundu umenewu muli kalamba kopyapyala kamene kamakoka riboni yosunga zolembedwa. Kalambako kanaduka, makina osaima. Pamene a Sultan ankazula chingwe cha magetsi, riboni inali itakulungika m'zitsulo, yofwanyika, yoduka pawiri, mbali ina itasanduka ulusi.

A Sultan anaitulutsa ndi kapanira kawo ka mawailesi. Anayesa kuilumikiza ngati mmene ankachitira ndi makaseti a nyimbo.

"Lekani, ba Sultan," anatero Gloria. "Kaseti ikaduka mutaya mawu yang'ono chabe. Iyi ikaduka, vonse vili kutsogolo vasokonezeka."

Mwala unaikidwa popanda nyimbo. Kwaya ya ku tchalitchi inaimba za m'buku. Amayi ake sanamulankhule Gloria masiku ambiri, ndipo iye anabweza chitini pa kabati n'kusiya kuchiyang'ana. Mwezi ndi mwezi unkapita, iye akungotaipa makalata a anthu ofuna ntchito. Tiwo anakwatiwa ndi dalaivala wa ku Chawama. Anabwera yekha kudzanena, ndipo Gloria anamuuza kuti wachita bwino.

Pa shopu imene ankagwira ntchito anaikapo intaneti, ndipo kompyuta yaikulu yoyang'anira zinzake inkayendera dongosolo lina latsopano, Linakisi. Gloria atakhala patsogolo pake anapeza kuti likufanana kwambiri ndi Yuniksi ya ku kampani kuja. Zala zake zinkakumbukira zokha. Anapezanso kuti dongosololi limadziwa lokha kulankhula ndi makina a tepi, osati onse, koma ochulukirapo ndithu, popanda munthu kuganizira malamulo. Makina amene anatafuna tepi aja sanali m'gulu la odziwikawo. Anasakanso, mpaka pa sukulu ina ya mishoni anapeza makina ali m'sitolo pansi pa madesiki othyoka. Linakisi inawadziwa.

Tsopano Sunga anafunika kusamukanso. Mwini shopu anamulola kugwiritsa ntchito kompyutayo pa nthawi ya nkhomaliro basi. Madiski amene anasungamo zolemba za pulogalamuyo anali atachita nkhungu ndi chinyezi cha mu George, ndipo gawo lomasula zopanikizidwa linakana kuwerengeka. Analilembanso kuchokera m'mutu. Kenako kunabuka vuto lina. Sunga wa pa Dosi ankalemba pa tepi m'zidutswa zazikulu, pamene makina atsopanowa ankazipereka zoduladula, moti zotuluka zinali zinyalala zokhazokha. Izi zinamutengera nyengo yonse ya mvula kuti azimvetse.

Ulendo uno sanakhudze matepi a Happy. Anayenda m'mashopu a makasitomala ake akale kupempha matepi amene anawalembera zaka zapitazo. Ena anali atataya, ena anamupatsa akuseka. Pa matepi amenewo ndi pamene ankayesera. Anaphunziranso kutsegula tepi, kuchotsa kalamba kokalamba n'kuikamo kabwino, manja osagunda riboni. Anawononga angapo asanazolowere. Amayi ake anali atasiya kufunsa, ndipo iye sanawauze kuti wayambiranso.

Tsiku limene tepi ya wogulitsa nsalu wina inatulutsa zonse, osasowa kanthu, Gloria sanasangalale. Anabwerezanso ndi ina, ndi inanso. Kenako anatsitsa chitini.

Tepi yoyamba inawerengeka yonse. Yachiwiri inakakamira kamodzi pakati, koma inapitirira mpaka kumapeto. Mafailo anali ambirimbiri, okhala ndi manambala m'malo mwa maina, ndipo wodziwa kuwasanja anali a Sultan okha. Anawakopera pa ma CD n'kukawasiyira. A Sultan anati apatsidwe sabata.

Gloria anauza amayi ake, natumanso uthenga ku Chawama. Loweruka masana anakumana onse kuseri kwa shopu ya a Sultan. Mathireyi a mazira anali akadali m'makoma, atachita fumbi. Amayi anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Tiwo anabwera ndi mwana kumsana. A Sultan anawapatsa mipando koma iwo eni sanakhale pansi, ndipo maso awo ankathawa a Gloria.

"Ba Sultan, vavuta?"

"Mverani chabe, ba Gloria."

Ng'oma zinayamba, zomveka bwino ngati zajambulidwa dzulo. Gitala analowa. Nyimbo inafika poti woyambitsa alowe, ndipo panalibe amene analowa. Zoimbira zinangopitirira zokha. Kenako mawu a atsikana awiri anatulukira, owala, achimwemwe, akuvomera kuti eya, eya, tamva. Anasiya. Ng'oma zokha. Anavomeranso.

Tiwo anagwira pakamwa.

"Ali kuti?" anafunsa amayi.

A Sultan anatsitsa mawu a sipika. "Bamayo, tinali kujambula chimodzichimodzi. Ng'oma pazokha, gitala payekha, aba bovomera pabokha. Happy chifuwa chinali kumuvuta, ninamuuza ati mawu yako tizajambula pothera, ukapezako bwino. Tinajambula, anaimba bwino maningi. Koma ninayaika pa malo yake yokha, kothera." Anayang'ana pansi. "Nasakila monse. Pa matepi yawiri aya palibe."

Gloria sanafunike kuuzidwa kuti mawuwo anali pa tepi iti.

Anamvera nyimbo zonse, chifukwa amayi sanalole kuti azimitse. Iliyonse inali chimodzimodzi. Pamene pankayenera kumveka Happy, amayi ankasendera kutsogolo pa mpando, n'kubwerera atsikana akavomera. Kumapeto kwa nyimbo ina, zoimbira zitatha, panamveka Tiwo akuseka, ndipo chapatali munthu wamwamuna ananena mawu amodzi, oti bwerezani.

"Imani! Ndi iyeyo?" anafunsa amayi.

A Sultan anabweza, nakweza sipika mpaka inayamba kusokosera. Anabwezanso. Mawuwo anali aafupi, apatali, ophimbidwa ndi phokoso.

"Tiwo, ndi iyeyo?"

"Sinidziwa, amayi," anatero Tiwo akulira.

"A Sultan?"

A Sultan akanatha kungovomera. Koma anati, "Bamayo, siningakunamizeni. Kapena ni yeve, kapena ni ine. Tonse tinali kukamba tero."

Patapita milungu ingapo a Sultan anabwera ndi ganizo. Ankadziwa woimba wina wa ku Mtendere, Jackson, wa mawu abwino. Tiwo ankakumbukira mawu a nyimbo zina, ngakhale sizinali zonse. Anati bola nyimbozo zituluke, dzina la Happy lilembedwe kuti ndiye anapeka. Gloria anati zili kwa amayi. Amayi anati amve kaye.

Jackson anabwera atavala bwino, napereka moni mwaulemu. Anaimba nyimbo ya pa kiyosiki ya madzi, ndipo anaiimba bwino ndithu. Mawu ake anadzaza mipata yonse, atsikana a pa tepi n'kumamuvomera ngati ankamudziwa. Atamaliza, onse anayang'ana amayi.

"Waimba bwino mwana wa eni," anatero. "Mulungu amudalitse. Koma chotsani."

A Sultan anachotsa. Anawakopera nyimbozo pa kaseti mmene zinalili, ndipo amayi anaimanga pa nsonga ya chitenje.

Sunga wa pa Linakisi anagwira ntchito zaka zingapo. Mbiri inamveka kuti kuli mayi wodziwa kutulutsa zinthu m'matepi akale, ndipo anthu ankamusaka. Wina woyeza malo anapeza mapu ake onse. Mphunzitsi wina anapeza buku limene analemba zaka zambiri. Ankamuthokoza mpaka kugwada, iye n'kungoti zikomo, akupukuta makina. Matepi atasiyiratu kugwiritsidwa ntchito, anapita kukaphunzitsa makompyuta pa sukulu ina ku Matero, kumene anakhala mpaka kupuma. Sanakwatiwe. Ana a sukulu ankamuopa chifukwa sankalola munthu kuthamangira kudina batani.

Za tepi yachitatu sanakambepo ndi amayi ake kupatula kamodzi, tsiku lomwe Jackson anaimba lija. Atatsika minibasi mu George, amayi anati adutse pa kiyosiki, chifukwa m'mawa anasiyapo chigubu pa mzere. Anapeza mzere sunasunthe kwenikweni, madzi akutuluka pang'onopang'ono. Anaima padzuwa, azimayi ena akukangana za amene anafika poyamba.

"Inali ija inadukayi eti?" anafunsa amayi, osamuyang'ana.

"Inde, amayi."

"Ya nthawi ya mwala."

"Inde."

Kenako amayi anati, "Unandiuza kuti makina sanakonzeke. Ndinamva, koma ndinkafuna anthu amumve."

Gloria anafuna kunena kuti wosankha tepiyo anali iye, kuti akanatha kukana. Koma mzere unasuntha, iye anawerama n'kukankhira chigubu kutsogolo. Chitadzaza amayi anafuna kusenza, koma Gloria anawalanda, ndipo anayenda chotsogozana mpaka kunyumba.